Chijasi Changa ndi Ulendo wa ku Roma

Lolemba, 23 Sepitembala 1957

Kalata yafika ku mishoni. Marita, mwana wa mlongo wanga, uja amaphunzitsa atsikana, wasankhidwa kupita kumsonkhano wa aphunzitsi a mpingo. Kuti? Ku Roma! Ine amene ndakhala ndikugontha anthu m'kutu ndi nkhani za ku Joni, lero ndasanduka wa pakhomo.

Wabwera ndi pepala la malangizo a alendo, la Chingerezi. Akuwerenga ngati akumwa madzi, n'kumamasulira pomwepo. Ine Sitandade 2 yanga yangotolapo mawu atatu. Pepala likuti:

pasipoti ndi chikalata cha katemera zisachoke pathupi;
galimoto mpaka Lilongwe, basi mpaka Blantyre, ndege pa Chileka;
sutikesi isapose mapaundi 44;
kumeneko kwayamba kuzizira, tengani chofunda.

Chofunda! Ndathamangira kubokosi. Chijasi changa cha kumigodi, cha mabatani amkuwa, chikadali ndi moyo. Miyendo yangayi sidzaolokanso ngakhale Bua, koma chijasi chokha chipita ku Roma, ndalumbira. Poti ndine mtsibweni wake, ndadzipatsa ndekha udindo woyeza katundu.

Lachiwiri, 24

Ndabwereka sikelo yoyezera fodya, ndaipachika mumtengo wa mango. Zovala ndi mabuku a Marita: 30. Chijasi: 11. Zonse 41. Tapambana!

Ndiye ikubwera mbumba, aliyense ndi kamba wa paulendo. Nsawa thumba lathunthu. Chimanga chokazinga. Mbatata zootcha. Mphonda ya thobwa. Mlongo wanga, mayi wake, wakwapatira nkhuku yamoyo, akuti anamva kuti azungu amadya masamba osaphika, mwana wake asakafe ndi njala pamaso pa Apapa.

Kamba sakanidwa, ndani sadziwa? Wokana kamba wakana ndi madalitso omwe. Marita akugwada, kulandira ndi manja awiri, kuthokoza aliyense pomutchula mfunda wake, osaphonya ngakhale mmodzi. Mwana ameneyu! Mutu wa sukulu, maondo a kwathu.

Sikelo: 73.

Lachitatu, 25

Ndikuyenda khomo ndi khomo kunyengerera anthu kuti achepetseko. Aliyense akuvomera kuti katundu wachulukadi, achotse wa mnzake. Wa nsawa akuloza wa mbatata. Wa mbatata akuloza thobwa. Mlongo wanga akuti choyamba kutsika ndi chinthu changa chonunkha bokosicho. Chinthu! Chijasi chimene chinandisunga m'chisanu chothyola makutu!

Masana ndayesa nzeru imene ndinaionera kumsika wa fodya, koma moitembenuza: ndatsamiritsa katundu pabondo langa mwakachetechete. Sikelo yabwerera pa 44 mwaulemu. Ndaitana Marita kuti adzaone chozizwitsa.

Wayang'ana sikelo, wayang'ana mwendo wanga. "Atsibweni, bondo lanulo ku Chileka kulibe."

Sanakweze ndi mawu omwe. Ana a sukulu ake ayenera kuti samunamiza kawiri.

Lachinayi, 26

Ndamupempha andiwerengerenso pepala lija, ndi timalemba ta kunsi tomwe. Taonani: chofunda chovala kapena chonyamula pamkono sachiyeza! Ndavina pabwalo mpaka msana wandikumbutsa zaka zanga. Marita amafuna kupitiriza kuwerenga, ine ndati zakwana, mwanawe, munthu akakhuta sanyambita mbale.

Nzeru yake nayi. Kamba yense alowa m'chijasi. Chijasi chipita, abale sakwiya, sikelo ichita manyazi.

Akazi anga akana kusoka, akuti misala ya mwamuna imathandizidwa akadali mnyamata. Ndasoka ndekha ndi singano yosokera mabelo a fodya. Nsawa kumsana. Chimanga m'mikono. Mbatata m'matumba. Thobwa ndamwako kuti lichepe, n'kupeza latheratu. Nkhuku ndaiyesa m'thumba la m'kati, yandijompha.

Chijasi tsopano chikuima chokha pakhonde. Galu wachiuwa.

Lachisanu, 27

Tsiku loyeserera. Dzuwa lili paliwombo, kutentha kosungunula ndi nzeru zomwe, koma Marita wavala pofuna kundisangalatsa. Chamufika m'mapazi. Wayenda kuchoka pamango kulinga kunkhokwe, mutu uli chilili, ngati mfumukazi ya pa ndalama.

Pa phazi lachisanu ndi chimodzi ulusi wanga wati phuu! Nsawa mbwee. Nkhuku za mudzi wonse pambuyo pake, mdipiti woposa wa ku tchalitchi. Mbuzi ya alamu yagwira mkono wa chijasi, siikusiya. Ine ndikukoka mbuzi, mbuzi ikukoka Marita.

Nthawi yomweyo thu-thu-thu, njinga yamoto ya Abambo a ku mishoni, abweretsa pasipoti. Aima, avula chipewa, aonerera mpaka pamapeto. Kenaka atenga pepala lija n'kundilozera mzere umene ndinakana kumva dzulo: zakudya ndi mbewu siziloledwa kulowa m'dziko la eni.

Marita sanandiseke pamaso pa anthu. Anazembera kuseri kwa nkhokwe. Nkhokwe ndinaiona ikugwedezeka.

Loweruka, 28

Zimene zandikanika ine sabata yathunthu, iye wazitha asanamalize kusesa pabwalo. Waitana onse opereka kamba, wagwada, wawafunsa kuti kodi kamba amadyera kuti. Onse ati paulendo. Nanga ulendo umayambira pati? Ati pakhomo. Ndiye wati mawa aliyense womuperekeza kumsewu ali paulendo limodzi naye, ndipo iye sanaleredwe kudya yekha anzake akupenya.

Kenaka mlongo wanga wanyamuka kukanola mpeni wa nkhuku. Palibe wakwiya. Akakhala a ku Romawo ali ndi mlandu wovuta, angomupatsa ameneyu.

Chijasi: mkono umodzi wafupika, m'kati mwang'ambika, fungo la mbuzi. Ndachichapa, chalemera kuposa kale. Asisteri a ku mishoni amubwereka Marita juzi yabuluu. Ndaiyeza mwansanje. Paundi imodzi.

Sutikesi: 31. Ndabweza sikelo kwa eni ake.

Lamulungu, 29

Itatha Misa, mudzi wonse ulendo wa kumsewu. Ine ndavala chijasi, thukuta kamukamu, kuti mwina chifike ngakhale pokwerera galimoto. Tadya kamba pansi pa mkuyu, nkhuku ndi yomwe. Mbatata zikumveka kafungo ka bokosi, koma palibe watchula.

Galimoto la mishoni likulira kale, Marita wadzagwada patsogolo panga, wapempha mpeni wanga. Wadula batani la pamimba, walimanga pansonga ya mpango pamodzi ndi kolona yake.

"Chonse sichingathe, atsibweni. Koma ili likaona zonse, lidzakuuzani."

Ndafuna kuponya nthabwala, ndapezeka ndikupukuta m'maso. Ndanamizira fumbi.

Ndabwerera kunyumba chijasi chili yasa, mimba ikupenya njira. Akazi anga akuti asokerapo batani lina la pa malaya akale. Ndakana. Malowo ali ndi mwini wake, ali paulendo.