Makina Otsukira Mbale a kwa Chikakuda

Inu anyamata a kabaza, tsamiritsani njingazo kaye, okwera kulibe. Ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi wina umene mumangoutchula osaudziwa kwawo. M'nkhani yonseyi muli bodza limodzi lokha. Amene aligwire ndisanamalize, ndimukankhira njinga yake mpaka ku Limbe iye atakwera. Zina zonsezo ndinaziona ndi maso angawa.

Mwambi umenewu unayamba motere. Ku Bangwe, kuseri kwa msika, kunali bambo wina dzina lawo a Wisikesi Chikakuda. Ankakonza mawayilesi, maambulera ndi matochi. Ntchito ankaidziwa, pamenepo ndisawanamizire. Nthenda yawo inali imodzi: sankalola munthu kumaliza mawu. Ukangoti, "A Chikakuda, kodi mwamva kuti..." iwo amvekere, "Ndadziwa kale." Tsiku lina mayi wina anathamanga kudzawauza kuti njinga yawo yabedwa. Iwo anati adziwa kale, ndipo mayiyo anabwerera osanena kumene wakubayo walowera.

Ine ndinali neba wawo, mpanda umodzi. Masiku amenewo ndinkaumba njerwa.

Akazi awo, a Nangondo, anali ndi mchimwene wawo, a Yotamu, khukhi wa azungu ena ku Namiwawa. Azunguwo pobwerera kwawo anawasiyira a Yotamu makina akale otsukira mbale. Ndi chibokosi choyera ngati firiji koma cholekeza m'chiuno. Chitseko chake sichitsegukira kumbali ngati cha nyumba. Chimagwera kutsogolo ngati cha uvuni, kenako munthu amakoka timashelefu tawaya toikamo mbale. Kwa a Yotamu kunalibe magetsi, ndiye Lolemba lina anakweza makinawo pa lole ya mchenga n'kudzawatula pakhonde lakuseri kwa mlongo wawo, pafupi ndi mpopi. Loweruka la sabata yomweyo linali chinkhoswe cha Elube, mwana woyamba wa a Chikakuda.

A Yotamu anakhala pampando n'kunena kuti makinawo agwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ali ndi matenda atatu.

"Choyamba, alamu, pansi m'katimu muli sefa. Ikatsekeka..."

"Ndadziwa kale."

"Chachiwiri, mphira wa m'mbali mwa chitseko unatha. Mukapeza..."

"Alamu, wayilesi ya mabandi khumi ndimaiphwasula ine n'kuibwezera ikuimba. Ichi ndi chidebe chabe chokhala ndi nthambo."

A Yotamu anamaliza tiyi wawo, anatsazika, ulendo wa kumudzi ku Thyolo, kuti adzabwera Loweruka. Chachitatu chija anachitenga m'mimba. Ine ndinadzamva pambuyo pake kuti chinali cha sopo: makina amenewa ali ndi sopo wakewake wosachita thovu.

Lachiwiri a Chikakuda analumikiza paipi ku mpopi, anamanga ndi lekeni, n'kuyatsa. Makina anamwa madzi, kenako anangoyamba kung'ung'udza ngati munthu wodwala dzino. Madzi m'kati anangoti phaa, osatuluka, fungo lake ngati la ngalande. Iwo anatsegula kumbuyo, anatulutsa chilichonse chotuluka, anayala pamphasa, anapemerera chimodzichimodzi, n'kubwezera. Panatsala masikuluwu atatu. Anandiuza kuti azungu amaika owonjezera dala. Atayatsanso, kung'ung'udza kunali komwe kuja.

Iwo atapita kukagula fodya, a Nangondo anapisa dzanja pansi m'katimo, anapotokola kachinthu kozungulira n'kukazula. Munali minga za nsomba, nthanga za mandimu ndi kasupuni kamodzi. Anatsuka pa mpopi n'kubwezeramo. Amuna awo pobwera anayatsa, madzi oipa aja anatuluka onse. Anayang'ana ine, anayang'ana akazi awo, ndipo anati zimenezo ndiye ankayembekezera, chifukwa ntchito ya kumbuyo imachedwa kufika kutsogolo.

Lachitatu kunabwera mbale. Apa mumvetsere bwino, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Zinali mbale makumi atatu za amayi a kutchalitchi kwawo, zoyera, zadothi zosachedwa kusweka, za mzere wabuluu m'mbali. Mbale zimenezi sizibwerekedwa wamba. A Nangondo anachita kukalonjeza pamaso pa a Chimbalanga, mayi wapampando wa gululo, kuti Lamulungu zibwerera zonse, popanda yobenthuka ngakhale imodzi. Zinali ndi fumbi la m'kabati basi. A Nangondo anatenga beseni kuti azitsukuluze, ntchito ya theka la ola.

"Amake Elube, bwezerani beseniyo," anatero a Chikakuda. "Akuchimuna akamve kuti mbale zimene akudyera zatsukidwa ndi magetsi. Adziwe nyumba imene akukwatiramo."

A Nangondo anati mbalezo n'za eni. Iwo anati adziwa kale.

Atapanikiza mbale zonse m'timashelefu tija, shelefu yapansi ili chikokere kunja, makina anaweramira kutsogolo ngati akupereka moni. Ndinawagwira ndi ine. Kwa azungu kuja ankakhala pansi pa thebulo la simenti, atamangiriridwa. A Chikakuda anakankhira mbale m'kati, anatseka chitseko, ndipo anati makinawo akufuna makoma. Anandituma njerwa. Pofika madzulo tinali titamanga khoma kumanja, khoma kumanzere, lina kumbuyo, n'kusiya kabowo ka mapaipi ndi nthambo. Simenti ankasakaniza okha, fosholo imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga. Amene munagwirako ganyu ya zomangamanga mukudziwa kuti imeneyo ndi ya milatho.

Lachinayi m'mawa anakumbukira kuti sanathiremo sopo. Anatsegula chitseko pang'ono, anakhuthuliramo makapu awiri a sopo waufa wochapira zovala, anatseka, n'kuyatsa. Poyamba zinkamveka bwino, ngati mvula ya pamalata. Kenako pansi pa chitseko panayamba kutuluka madzi, pamene panatha mphira paja. Khonde lawo linapendekera kunyumba, ndiye madzi analunjika pabalaza, kumene anaunjika matumba a mpunga ndi ufa wa chinkhoswe.

A Nangondo anati azimitse. Iwo anakana. Anati makina ali ngati munthu amene ali pa opaleshoni, sumuleka pakati. Anati madzi mankhwala ake ndi damu, ndipo anayala mzere umodzi wa njerwa kutsogolo kwa chitseko, kulumikiza khoma la kumanja ndi la kumanzere.

Apa ine ndinawachenjeza. Ndinati, "Achimwene, chitsekochi chimagwera kutsogolo. Njerwazi..."

"Ndadziwa kale. Patse ina."

Madzi anaima. Kenako kunabwera thovu. Linatulukira pansi, linatulukira m'mbali, loyera, lochuluka ngati thonje la ku Chikwawa, n'kudumpha damu lija mosafunsa. A Chikakuda anawonjezera mzere wachiwiri. Thovu linadumpha. Wachitatu, linadumphanso. Nkhuku zinathawa pabwalo. A Nangondo ndi Elube ankakokera matumba kuchipinda, ndiye zimene zinkachitika pakhonde sanazione. Ndinawachenjezanso kachiwiri, yankho linali lomwelo.

Cha m'ma leveni koloko magetsi anazima. Munthu wina akanapumira pamenepo n'kuganiza. A Chikakuda anati Mulungu wawapatsa mpata woti amalize ntchito thovu lisanadzuke. Anakweza khoma mpaka pansi pa mabatani, n'kusiya kampata kongokwana dzanja. Pakati pa njerwa ndi chitseko anathirapo simenti yamadzimadzi, kuti thovu lisapeze pobisala. Pamwamba anaikapo lata, ati kuopa mvula.

Magetsi sanabwere tsiku lonselo. Lachisanu m'mawa kunalibenso. Iwo anapaka pulasitala, ndipo itauma anapaka laimu. Chinthucho chinakongola, ndisaname. Amayi odzathandiza kusankha mpunga ankadutsa pamenepo mwaulemu, ena atagwira manja kumbuyo, poganiza kuti ndi chiliza.

Lachisanu cha m'ma folo magetsi anabwera. A Chikakuda anaitana aneba. Analowetsa dzanja pakampata paja n'kudina batani. Makina analira m'kati mwa kanyumba kawo ola lathunthu, ndipo pakhonde sipanagwe ngakhale dontho. Pomaliza anaimba kabelu katatu. A Chikakuda anapukuta manja pa thalauza n'kuuza anthu kuti azungu anakhala ndi makinawo zaka zonsezo osaudziwa mankhwala ake.

A Nangondo anabwera ndi dengu loyalamo nsalu. "Zikomo, abambo ake Elube. Tsono nditulutsireni mbale zanga."

A Chikakuda anayang'ana khoma. Analizungulira kumanja mpaka pamene linathera, anabwerera, analizungulira kumanzere. Anagwada n'kusuzumira pakampata ka mabatani. Atadzuka anati mbale zotsukidwa ndi magetsi zimatentha kwambiri, ziyenera kugona m'momo kuti zizizire.

Loweruka m'mamawa anabwereka hamala yaikulu ya ophwanya miyala. Atamenya kamodzi, khoma silinamve kanthu, koma m'kati munamveka mbale zikugundana mano. Atamenya kachiwiri, munamveka phokoso lina, laling'ono, limene mayi aliyense amalidziwa ngakhale ali kuchigayo. A Nangondo anayala chitenje patsogolo pa khomalo n'kukhala pansi.

"Mukafuna kumenyanso, muyambe ine," anatero.

Hamala inabwezedwa kwa eni ake.

Alendo anafika masana. Chinkhoswe chinayenda bwino, nkhuku zinasinthanidwa, malangizo anaperekedwa. Pa chakudya ndiye panali nkhani. Aneba tinasonkha zimene tinali nazo, koma anthu anali ambiri. Ena anadyera m'mabakuli, ena m'mathireyi, awiriawiri. Nkhoswe ya kuchimuna, a Makwinja, malume ake a mnyamata wokwatirayo, anapatsidwa mpunga pa chivindikiro cha poto. Chivindikiro ukachigadamitsa, chogwirira chimakhala pansi pake, sichikhazikika pathebulo. Bambo wamkulu ngati ameneyo anadya atachinyamula m'manja, msuzi ukuzungulira. Sanadandaule. A Chimbalanga, mayi wapampando uja, anali pomwepo, akudyera m'kapu, maso ali pa a Nangondo.

A Makwinja anali mmisiri womanga nyumba. Atasamba m'manja anati amva mbiri ya makina a m'nyumba muno, ndipo akupempha kuwaona. A Chikakuda anawatsogolera kukhonde. Anthu anatsatira, a Yotamu nawonso, atangofika kumene kuchokera ku Thyolo.

A Makwinja anasisita pulasitala ndi chikhatho. Anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana ngodya. Anagogoda ndi chala.

"Mwamanga ndinu, achimwene?"

"Ndine."

"Khoma lowongoka. Anyamata anga sangamange chonchi. Mukukhala ndani m'katimu?"

"Mbale."

"Zingati?"

"Makumi atatu," anatero a Chikakuda.

"Zinali makumi atatu," anatero a Nangondo kumbuyo.

A Makwinja anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za maliro a kutali. Kenako anafunsa mofatsa kuti, nanga mbalezo zikafuna kutuluka, zimatulukira pati.

A Chikakuda anatsegula pakamwa. Tonse tinadikira mawu awo aja. Sanabwere. Anatseka pakamwa. A Yotamu anangovula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati.

Ukwati sunathe, musade nkhawa. A Makwinja anabweranso Lolemba ndi katchizulo kakang'ono, ndipo anagoba khomalo masiku atatu, pang'onopang'ono ngati akuchotsa munga m'phazi. Mbale zinatuluka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, zowala moti munthu n'kumetera ndevu. Zitatu zinatuluka m'thumba la shuga. Koma Lamulungu linali litadutsa, ndipo a Nangondo anali ataima kale pamaso pa amayi anzawo manja ali m'mbuyo. Amayiwo anagamula kuti mkazi alibe mlandu. Mwini luso ndiye azitsuka mbale za gulu pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse, chaka chathunthu, ndi manja, pabeseni, pamene anthu akuona. A Chimbalanga ankaima pambali n'kumawauza kuti apa patsala mafuta. A Chikakuda ankangoti, "Zikomo, mayi."

Tsiku lomaliza kugoba lija, a Makwinja akukutumula fumbi m'malaya, mayi wina wodutsa anafunsa kuti kodi pagwa chiyani pakhomo pano. A Makwinja anayankha osatembenuka n'komwe:

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

Mawuwo anakwera minibasi tsiku lomwelo, ndipo lero afika mpaka pakamwa panu.

Tsono palibe amene waligwira bodza lija? Iwe ukuti thovu? Thovu linalipo, nkhuku ndi mboni. Chivindikiro cha poto n'choona. Bodza ndi paja ndinati ndinawachenjeza kawiri. Sindinawachenjeze ngakhale kamodzi. Chitsekocho ndinachiona pa mzere woyamba pomwe. Ine ndinkangowapatsira njerwa.