Kapinga wa a Hopeton

Mu Jamaica monse munalibe munthu woyenda mokhotakhota pa kapinga ngati a Hopeton Gayle. Pamsewu ankayenda tswii ngati msilikali, koma akangoponda udzu wa kutsogolo kwa chinyumba cha azungu akale a munda wa nzimbe, ayi ndithu, apa akhota, apo adumpha, apo abwerera chammbuyo. Ntchito yawo inali yoonetsa alendo nyumbayo. Ndiye tangoganizani azungu basi yathunthu, zipewa kumutu, akudzandira pambuyo pa nkhalamba ngati onse akhuta mowa. Ine ndimaphika pamalopo, ndipo ndinkaonera pawindo la kukhitchini mpaka nthiti kuwawa.

"Bambo inu, mukuponda pamimba pa Quasheba!" ankakuwa. "Mayi a chipewa chofiira, sunthirani uko, amenewo ndi mapasa!"

Alendo ankaomba m'manja, kuyesa ndi sewero. Silinali sewero ayi. Pansi pa kapingayo pagona akapolo oposa makumi asanu, opanda mwala ngakhale umodzi. Anzawo ankawadzalira timitengo ta masamba ofiira kumutu, koma eni nyumba anadzalamula kuti tonse tizulidwe, pakhale posalala. Wotumidwa kuzula anali malume wa a Hopeton, ndipo pozula kalikonse ankatchula dzina, a Hopeton, akadali mwana, akumva. Kuchoka apo panalibenso wina padziko wodziwa kuti wagona apa ndani.

M'nyumbamo a Hopeton ankawathamangitsa alendo ngati denga likupsa. "Iyo ndi piyano, ilo ndi bedi, uyo wa pachithunzi ndi mbava, tiyeni panja." Mzungu wina anapempha kuti ajambulitse atakhala pampando wa bwana wakale.

"Khalani, khalani," anatero a Hopeton mwaulemu. "Mwini wake anafera pomwepo, m'mimba mwa kamwazi."

Munthu uja anadzambatuka osayang'ananso kumbuyo.

Kenako kunabwera manijala watsopano, Mayi Pinnock, mwana wa konkuno koma wophunzira ku Kingston. Anati pa kapingapo pazichitikira maukwati.

"A Hopeton, pepala losonyeza kuti pali manda lili kuti?"

"Pepala lake ndine, mwanawe."

"Boma silingakuwerengeni inuyo, bambo."

M'mawa mwake tinapeza timitengo tofiira tili mbwee pa kapinga ponse. Mayi Pinnock anazulitsa. A Hopeton anadzalanso. Mayiwo anazulitsanso. Ulendo wachitatu mkuluyo anakagona chagada kutsogolo kwa makina otchetchera udzu, manja pachifuwa, maso ali tsinzi.

"Tadzukani, madala, ndikutchetchani ndevu!" anatero wotchetcha.

"Usandisokoneze, iwe. Ndikuyeserera."

Tinaseka, koma miyendo yawo inali itayamba kale kutupa. Tsiku lina anabwera kukhitchini akuwefuka.

"Icilda, vula epuloni, tiye ndikakulozere. Mayina ndi ambiri, ndipo mutu wangawu wayamba kudontha."

"Iii, a Hopeton, nsomba zili pamoto. Mawa."

Mawa lake kunali alendo. Mawa linzake kunagwa mvula, ine osafuna kunyowetsa nsapato. Lachinayi lina anaima pakhomo nthawi yaitali, osakhala pansi.

"Kholo lako lenileni, dzina lake Phibba, alinso pansi pa kapinga pomwepo. Amayi ako sanakuuze?"

Koma mpoto wa mbuzi unali kusefukira. "Loweruka, bambo. Loweruka ndithu."

Lachisanu m'mawa anawapeza atafa pakhonde la kwawo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Kunena zoona ndimadzida, ndipo sindifuna wondipepesa.

Masiku ano alendo amadutsa pa kapinga molunjika, mphindi imodzi afika pakhonde. Mtsikana wa yunifomu amawauza za piyano mpaka kuyasamula. Palibe amaseka, palibe amadumpha. Pawindo paja ndinaikapo katani.

Ukwati woyamba unachitika mwezi wathawu. Anaimika chihema choyera, zikhomo zachitsulo anazikhomera pansi ndi hamala mpaka kumira, ndipo anthu anavina fumbi kobo. Operekera zakudya atachepa, Mayi Pinnock anandituma ine. Ndinafika m'mphepete mwa udzu, mbale zili m'manja, mapazi anakana.

"Icilda, chakudya chikuzizira! Ukudikira chiyani?"

"Sindikudziwa poponda, mayi."