Ng'oma zitatu za a Eusebio

A Nkhoma, sekani pang'onopang'ono, mungatsamwe nayo nyamayo. Ndati ng'oma zitatu, munthu mmodzi, manja awiri omwewa. Amene akuti ndi bodza atuluke m'galaja muno akaime panja pa sinowo, pachipale choyera chozizirapo, titsale ndi anthu ofuna kumva.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Lawrence, mbali ina ya mzinda wathu uno wa Indianapolis, shifiti yam'mawa: kusambitsa, kuveka, kudyetsa. M'chipinda chakumapeto munkagona a Eusebio, nkhalamba ya ku Cuba, ndipo pakona panali ng'oma zawo zitatu zomwe amati bata. N'zoning'a pakati ngati mtondo, iliyonse ili ndi chikopa uku ndi uku. Yaikulu amati ndi mayi, imaitana. Yapakati imayankha. Kakang'ono kamangoyendetsa gule kuti asasokonekere. Kwawoko zimafuna amuna atatu okhwima, aliyense yakeyake pamwendo. Chizungu chawo mdalayo chinali chochepa, Chisipanishi changa panalibe, ndiye kaimbidwe ka ng'omazo ankandiphunzitsira pamsana. M'mawa uliwonse ndikawanyamula kuwachotsa pabedi, zala zawo zinkaomba pamapewa pangapa, lero yaikulu, mawa yapakati, mkuja kakang'ono, kwa zaka zitatu. Mpaka pano msana wanga ukamayabwa umayabwa motsata nyimbo.

Ndiye chaka china mu Januwale anangosiya kudya. Masiku asanu ndi limodzi, supuni ikafika pakamwa amatembenukira kukhoma. Dokotala anati akakana tsiku linanso, tiyambe kuitana abale. Mwana wawo, Marisol, anati bambo akusowa kulira kwa ng'oma zawo, ndipo anaitanitsa oimba ng'oma atatu a ku Chicago. Anthuwo anabweradi pasitima mpaka ku South Bend, koma kumeneko anapeza msewu wobwera kuno watsekeka ndi sinowo, basi anakansela. Marisol anakhala pansi pakolido n'kumalira. Chisoni chinandigwira, zimenezo sindibisa.

Ndinawasambitsa mdala, kuwaveka shati yoyera, kuwakhazika pabedi. Kenaka ndinatenga chitsulo choyendera okalamba chija, n'kumangirirapo ng'oma zonse zitatu ndi malamba onyamulira odwala. Zikopa zinali zitalefuka ndi kuzizira. Kwathu ku Ntcheu ng'oma yotero timaiwamba pamoto wa udzu, koma dziko lino mukangoyatsa kamtengo kamodzi ka machesi m'nyumba, pakhomo pamaima magalimoto asanu ozimitsa moto. Ndiye ndinatikita zikhatho zangazi mpaka zinafuka utsi, n'kuwamba nazo zikopa zonse zisanu ndi chimodzi. Mukumva?

Nditayamba, dzanja lamanja linaitana, lamanzere linayankha, kakang'ono ndikukamenya ndi chigongono, kenaka manja anafulumira mpaka lamanzere linkayankha funso lomwe lamanja linali lisanafunse, moti nesi wina wa ku Zomba, mayi wopemphera amene sananamepo chibadwire, anandiwerenga manja asanu ndi limodzi n'kuthamanga kukadziyeza shuga, pomwe gogo wina amene anakhala panjinga ya olumala zaka khumi anadzuka, n'kukhazikapo supavaiza wathu, n'kumamukankha kolido yonse akuvina, ndipo sinowo inasungunuka pamadenga kuyambira ku Lawrence mpaka kuno ku Beech Grove, udzu n'kumera tsiku lomwelo, azungu n'kutulutsa makina otchetchera ali m'majekete. Mayi a Tadala, musapukuse mutu, nyumba yanu ino inali isanagulidwe. Oimba atatu aja, ali pasiteshoni ku South Bend, ulendo wa maola atatu pagalimoto, anamva, anaima chilili, wamkulu wawo anavula chipewa, n'kuuza anzakewo kuti tiyeni tizibwerera, ku Indianapolis kwafika kale anthu asanu ndi anayi. Ndikulumbira pali mayi anga amene ali kumanda ku Ntcheu.

Nthawi yonseyi a Eusebio anali duu, maso otseka, phazi lawo lopanda nsapato atalitsamiritsa pachitsulo chomwe ndinamangapo ng'oma. Nditafika pamalo ena pomwe yaikulu imaitana, ndinayankha kawiri ndi yapakati. Mdala anatambasula dzanja, n'kundiomba paphewa katatu. Ndinali nditalakwitsa. Ndinabwereza, n'kuyankha katatu. Anagwedeza mutu, anatsegula maso, n'kuloza mbale. Anadya mpunga wa nyemba zakuda mbale zisanu ndi imodzi, tsiku lililonse lomwe anakana kudya linali ndi mbale yake, n'kupempha ina yabasela. Marisol anandigwira dzanja, n'kupsa chala. Bambo akewo anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri.

Nditaweruka masanawo, ndaima pagalimoto, ndinapisa m'thumba la yunifolomu kufuna makiyi. Ndinatulutsa timakina tam'makutu tothandiza a Eusebio kumva, tonse tiwiri. Pantchito pathu, usanamusambitse munthu umayamba wamuchotsa timeneto kuti tisanyowe, ukamaliza umabwezera. Ine ndi phuma la ng'oma sindinabwezere. Popanda timakinato mdala uja sankamva ngakhale alamu ya moto. Ndinabwerera mwakachetechete, n'kukatiika pakatebulo kawo ngati tinali pomwepo kuyambira m'mawa, ndipo Marisol sindinamuuze mpaka lero.

Ndiye muwerenge nokha. South Bend inamva, Beech Grove inamva, mwini ng'oma yekha ndiye sanamve kanthu, koma m'nyumba yonse ija ndi iye yekha amene anadziwa pomwe ndinalakwitsa, ndi phazi lokha lija. Inu a Nkhoma makutu muli nawo awiri abwinobwino, ndipo mukukanabe. Bweretsani nyamayo kuno isanazizire.