Mmene ndinapulumutsira apongozi ku njuchi zawo

Pali nkhani imene mkazi wanga amakonda kuuza alendo, ndipo amaikometsera kwambiri. Bola ndiifotokoze ndekha.

Titangokwatirana kumene, Loweruka lililonse masana ndinkakhala mu vidiyo pa Nsaru, kuonera mafilimu a nkhondo a ku Amerika. Nkhani yake inali imodzimodzi: msilikali wa ku Amerika afika m'dziko la eni, adzipaka matope kumaso, akwawa m'tchire, aphulitsa zonse, anthu a m'mudzi n'kumuombera m'manja. Zipolopolo zinkamulambalala ngati zikumudziwa. Ine ndinkakhulupirira zonsezo (munthu wamkulu, woimba besi m'kwaya ya mpingo).

Tsiku lina tinapita kukacheza kwa apongozi ku Kabudula. Apongozi aamuna anali ku msonkhano wa alimi, ndipo amayi ndi mkazi wanga anapita kudimba. Ndili ndekha pakhomo, ndinamva kulira kwa njuchi kuseri kwa chigafa cha fodya. Zinali zambirimbiri, zikulowa ndi kutuluka pansi pa mulu wa udzu. Mumtima ndinati, anthu okalambawa akuzunzika, akungosowa wowapulumutsa.

Ndinadzipaka matope kumaso. Ndinamanga mpango wa mkazi wanga kumutu (sindikudziwa ntchito yake, koma onse amamanga). Kenako ndinayatsa muuni wa udzu n'kuyamba kukwawa chafufumimba.

Njuchi za ku Kabudula sizinaonerepo filimu. Yoyamba inandiluma pachikope, yachiwiri pamlomo, zinazo zinalowa m'buluku. Ndinaponya muuni uja osaona kumene ukupita, n'kuthawira m'chithaphwi cha abakha. Potulutsa mutu, denga la chigafa linali likuyaka. Mwamwayi fodya anali atagulitsa kale.

Anthu a m'mudzi anabwera ndi zidebe. Palibe anaomba m'manja.

Moto utazima, apongozi aamuna anafika pa njinga. Anayang'ana phulusa, kenako anayang'ana ine, diso limodzi litatsekeka, mlomo ngati mbatata.

"Kodi akamwini, mwapweteka kwambiri?"

"Pang'ono, bambo. Ndimafuna ndikuchotsereni njuchi."

"Anakutumani ndani?"

Ndinayamba kupukuta matope kumaso.

"Pansi pa udzu paja panali mng'oma wanga," anatero mofatsa. "Ndinadikira chaka chonse kuti njuchizo zilowe. Mwezi wamawa tikanadya uchi."

Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira.

Ndinakhala ku Kabudula mpaka ndinamanga chigafa china. Ndinkadula mitengo, kumweta udzu, apongozi ali pambali kundionetsa pomanga luzi. M'masiku amenewo tinazolowerana, moti lero amanditenga ngati mwana wawo. Tikufolera denga anandifunsa za mafilimu aja, ine n'kuwafotokozera nkhani yonse, mpaka pamene ngwazi ikwera ndege kubwerera kwawo.

"Ndiye akachoka, nyumba zopsazo amamanga ndani?"

"Pamenepo filimu imakhala yatha, bambo."

"Eti," anatero, n'kundipatsira mtolo wina wa udzu.

Mafilimu a nkhondo sindinasiye, ndisaname. Koma masiku ano ngwazi ikamayenda monyada moto ukuyaka kumbuyo kwake, anzanga akukuwa ndi chimwemwe, ine maso amakhala pa denga likupsalo, kuwerengera mitolo ya udzu imene mwini wake adzamwete.