Galimoto Yokha, Popanda Munthu

Lolemba

Foni yafika! Achimwene atumiza kuchokera ku Joni, makamera atatu kumbuyo ngati mafuwa. Mawu awo: "Ujambule pikapu yanga ili pakhomopo, zithunzi zisanu, galimoto yokha popanda munthu. Wogula ali ku Njewa, akuzifuna pofika Loweruka. Zikatuluka bwino, foni ndi yako. Zikapanda kutero, ndiilanda."

Kuilanda? Aiwale.

Ndaonera mavidiyo awiri a kajambulidwe ka magalimoto. Basi, ndadziwa. Malamulo:

1. Galimoto ikhale yotsukidwa.
2. Usajambule dzuwa lili paliwombo.
3. Gwada, uijambule cham'munsi kuti ioneke yolusa.
4. Pagalimoto ndi kumbuyo kwake pasakhale zosokoneza maso.

Kuno ku Nsaru palibe akudziwa zimenezi. Wojambula wa pamsika uja amangoti "sekani" n'kudina. Umbuli!

Lachiwiri

Ndatsuka pikapu. Ndowa zisanu ndi imodzi za kumjigo, msana wathyoka. Kumbuyo kwake mwatuluka makoko a mtedza, zinyenyeswa za fodya, nsapato imodzi, ndi fungo la mbuzi lomwe lakana kuchoka.

Ndagwada. Ndalozetsa foni. Amalume a Chisale atulukira atavala jekete, atsamira chitseko, mwendo wina patayala.

"Tola, mphwanga."

Ndikuwauza mwaulemu kuti ikufunika galimoto yokha.

"Yokha? Nanga anthu adziwa bwanji kuti ndi yakwathu?"

Munthu wamkulu sungamuuze kuti chokani. Ndati, "Tasunthani pang'ono, amalume." Asunthira paboneti.

Zithunzi 14. Amalume ali m'zonse.

Lachitatu

Ndalawira m'mamawa kuti ndiwazembe. Kuwala kofewa, monga ananenera mzungu wa muvidiyo.

Kani ndiyo nthawi imene azimayi onse a m'mudzi amapita kumjigo! Aliyense akafika, atula ndowa, apereka moni, amanganso chitenje, aima pagalimoto. A Nabanda, oyandikana nafe, abwerera kunyumba kukavala wigi. Wigi! Sikisi koloko m'mawa!

Ukawauza kuti kujambula galimoto ndi luso, amangoti "eti?" n'kusendera pafupi.

Chimodzi chatuluka popanda munthu. Ndachikulitsa. Pachitseko chonyezimira pakuoneka ine, nditanyonyomala ngati ndili kuthengo, amalume ali kumbuyo kwanga akusuzumira.

Ndachifufuta.

Lachinayi

Pikapu kulibe. Adalaivala amene achimwene anawalemba ntchito apita nayo kuchipatala ku Namitete kukasiya mayi woyembekezera. Yabwera masana, fumbi lofiira mpaka padenga. M'mudzi muno galimoto ndi imodzi yomweyi. Odwala, mabelo a fodya, akwati, mabokosi a maliro, zonse iyo. Ndatsukanso. Palibe wandithandiza, koma oonerera analipo, osachepera khumi.

Amayi ali pakhonde akusenda mtedza. Akhala akutsokomola sabata yonseyi, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Akuti, osandiyang'ana, "Mkulu wako agulitse, ndi yake. Ife tinazolowera ngolo."

Mawu obaya. Koma sizikundikhudza, ine nkhani yanga ndi foni.

Wogula watumiza uthenga: "Zithunzi zija bwanji?" Ndayankha kuti tikudikira kuwala koyenera. Azidziwa kuti akuchita ndi katswiri.

Lachisanu

Nzeru! Ndapempha adalaivala aimike pikapu pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa msewu, kutsogolo kwa nyumba yathu. Anthu onse ali kumadimba. Amalume kulibe. Zii!

Vuto limodzi: mthunzi wa masamba ukupanga mawanga paboneti, galimoto ikuoneka ngati nkhanga. Lamulo lachinayi. Ndakwera ndi chikwanje, ndasadza nthambi. Ndazikokera kutali kuti zisalowe m'chithunzi, zina uku, zina uko, ndazitaya pamsewu.

Ndagwada. Ndadina. Chatuluka bwino zedi!

Wakabaza wina watsika panjinga, wavula chipewa, akukankha mwakachetechete. Ndati mumtima, aa, tsopano ayamba kulemekeza luso.

Wachiwiri chimodzimodzi.

Kenaka kulira kuchokera kumjigo: "Mayo ine! A Nachisale atisiya!"

A Nachisale ndi amayi anga.

Masamba pamsewu, mbali zonse ziwiri, monga timachitira pakagwa maliro. Pakhomo pa munthu wotsokomola. Galimoto yonyamula mabokosi itatsukidwa mbee. Mwana wa mwini nyumba ali chogwada pafumbi.

Sindinaganize. Ndikulumbira, sindinaganize!

Ola lisanathe:

- azimayi akhala pansi kuzungulira pikapu, nyimbo yayamba
- azibambo asonkhana pansi pa mango wosadzidwa uja
- adzukulu afika ndi makasu, akufunsa kuti akakumbe pati
- amalume avala jekete yomwe ija, akulandira anthu, maso ali psuu

Ndikufuula kuti kulibe maliro, ndi zithunzi chabe. A Nabanda akuti, "Msiyeni, mutu wasokonekera ndi chisoni." Azimayi awiri andigwira m'manja kuti ndisadzipweteke.

Amayi atulukira kuchokera kudimba, mtolo wa mpiru uli pamutu. Nyimbo yaduka pakati. Ena athawa kusiya masilipasi.

Amayi ayang'ana onse, mmodzimmodzi. "Kodi wamwalira ndani?"

Maso onse pa ine.

Loweruka

Adzukulu akuti makasu sabwerera chabe. Apita ndi tambala wanga, wofiira uja. Amalume akuti ndachititsa manyazi mbumba yonse. Iwowo, otsamira magalimoto a eni!

Amayi sakundilankhula. Koma aliyense wobwera kudzapepesa akumuuza amene analira zenizeni ndi amene anangodziphimba kumaso. "Nabanda uja, phokoso lonse lija, msozi n'umodzi womwe."

Zithunzi: chabwino ndi chimodzi chokha. Dzulo lija chala chimangodinabe ndisanazindikire, ndiye ndili ndi zina zinayi, azimayi atakhala pansi mozungulira. Ndatumiza zomwezo. Munthu wanzeru aona galimoto, osati anthu.

Wogula wayankha: "Pepani ndi zovutazi. Koma galimoto yonyamula maliro ine ayi."

Munthu wa pa Njewa pomwepa, m'tauni mwenimweni sanafike, koma matama!

Choipitsitsa n'chakuti wina anathamangira kuimbira achimwene dzulo. Anthu awa netiweki imawavuta masiku onse, koma uthenga wa maliro umafika ku Joni osajejema. Achimwene analira kuntchito pamaso pa abwana awo, n'kuthamangira kudepoti ya mabasi. Zoti amayi ali moyo zinawapeza ali pamzere wogulira tikiti.

Lero ndawalembera katatu. Timizere tiwiri tabuluu, ndiye kuti awerenga. Yankho palibe.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akugwira amayi chanza kawiri. Ine akundilozerana ndi milomo. Dzina langa latsopano ndi a Masamba.

Achimwene aimba masana. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Mawu asasa.

"Pamzere paja ndimaganiza kuti ndikanakhala nditagulitsa kale, amayi akanapita kumanda pangolo. Galimoto sindigulitsanso. Foni upereke kwa amayi, ndizimva mawu awo ndekha, osati kudzera mwa iwe."

Ndapereka. Zandiwawa, sindinama. Makamera atatu m'manja mwa munthu amene amaganiza kuti Joni ndi kutali ndiye pafoni uzikuwa. Aimanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi makiyi a nyumba.

Madzulo aimasula. Avala duku loyera, apita pa pikapu, atsamira chitseko.

"Bwera undijambule, mkulu wako aone kuti ndikupuma. Ukatha ubweze."

Ndagwada. Ndadina.

Chatuluka bwino kuposa zonse za sabata ino. Amayi akuseka, mano onse otsala ali pamtunda. Galimoto ikuoneka tayala lokha.

Ndabweza foni.