Supageti wa pa Chitsulo ndi Pemphero la Apongozi

Mpaka lero chala changa chachikulu cha kumanja sichimva bwino kutentha, ndipo kunyumba kwanga kuli nsalu ya patebulo imene ndikaiona ndimayamba ndakhosomola. Adzukulu amandifunsa kuti chigamba chili pakati pa nsaluyo anasoka ndani moipa chonchi. Ine ndimangoti, "Nkhondo, ana inu." Lero ndiulule, pakuti nkhondo ili ndi milandu yake yambiri, koma uwu si wake.

Zaka zimene anthu ankakhamukira kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ine ndinali khukhi pa Boma la Mangochi. Ndinkaphikira Mjapani wina, a Kato, amene ankakonza mainjini a maboti a asodzi. Anali munthu wosavuta pakamwa: usipa ankadya, therere ankadya, ngumbi ankachita kuzifunsa. Koma Loweruka likafika ankapukwa kwawo. Pamenepo ankatulutsa mbale yachitsulo yakuda, yolemera, yokhala pa kathabwa kake, imene anabwera nayo m'sutukesi kuchokera kwawo ku Nagoya.

Maphikidwe ake anali otere. Supageti umamuwiritsa, kenako n'kumukazinga ndi anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa uja, masoseji ndi tomato sosi wa m'botolo mpaka afiire. Uku mbale yachitsulo ija ikutenthedwa payokha. Ukaika supagetiyo pakati, umathira mazira omenya m'mbali mozungulira, n'kuthamanga nayo kutebulo ikulira kuti tsaaa, mazira akupsa wakudya akuona. A Kato ankati kwawoko chakudyachi umachipeza m'matiyirumu, ndipo supageti wa m'mizinda ina ya kwawo komweko ankamunyoza (monga momwe ife a kunyanja timanyozera chambo chogula ku Lilongwe). Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankalinena m'Chichewa chawo chopunduka chija: "Chitsulo tentha, munthu idya. Palibe dikira."

Ndinkachitha chakudyachi, osanama. Kunyada kumeneko n'kumene kunandipweteka.

Nthawi imeneyo mtima wanga unali ku Malindi, kwa Luwiza. Banja lawo linathawa kutsidya kwa malire n'kudzakhala kwa achibale pafupi ndi mishoni. Malume ake, amene akanalankhula za ukwati, anatsala kwawo ndipo palibe ankadziwa ngati ali moyo. Choncho mawu onse anali kwa bambo ake, a Mateyu, katekisiti wa Angilikani, wamtali, wosaseka wamba, msodzi wochita kubadwa nawo. Ankhoswe anga atapita, anabwerako ndi yankho losatentha losazizira. Akuti a Mateyu anangofunsa kuti, "Mwamuna amene ntchito yake ndi kusenda anyezi, banja adzalisunga ndi chiyani? Misozi?"

Mawu amenewo sanandigonetse. Ndinalumbira kuti mkulu ameneyu adzaona ndi maso ake kuti ukhukhi ndi luso. Ndinatuma Luwiza kuti akapemphe kuti Lamulungu lina, akaweruka kutchalitchi, ndidzawaphikire ine.

"Muphike mpunga ndi nkhuku basi," anatero Luwiza.

"Mpunga ndi nkhuku aliyense amaphika. Ine ndiphika za ku Nagoya."

"Ku Nagoya n'kuti?"

"Udzaona."

Mbale ya a Kato inali ya munthu mmodzi, pamene ife tinali asanu ndi mmodzi. Ndiye ndinatenga chivundikiro cha diramu, n'kuchikwecha ndi mchenga mpaka mbee. Tsikulo ndinaphika kuseri kwa nyumba, ndinatenthetsa chivundikiro, ndinathira mazira, n'kuthamanga nacho kukhonde kumene anthu anakhala pamphasa. Chinafika chikulira ndithu. Koma ndinaiwala kuti kwathu kuno chakudya sichilamula anthu. Kunayamba kusamba m'manja, wamkulu poyamba, beseni likuyenda pang'onopang'ono. Kenako a Mateyu anati, "Tipemphere."

Abale anga, ndinali ndisanamvepo pemphero la chakudya lotalika chonchija. Pofika pa "Ameni", chivundikiro chinali chitazizira ngati pansi pa mtsuko. Mazira anali osapsa, akungoyenderera, ndipo supageti anali atagwirana. A Mateyu ananyamula chingwe chimodzi ndi zala ziwiri, n'kuchiyang'ana kudzuwa.

"Akhukhi," anatero, "kwathu izi timakolera kumbedza."

Anadya mbatata yotsala m'mawa.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinapalasa njinga kubwerera ku Boma ndikuwerengera zolakwa zanga, ndipo ndinapeza ziwiri zokha: chitsulo chinali chopyapyala, pemphero linali lalitali. (Zoti mwina vuto ndinali ine sizinandifike m'mutu.) Choyamba ndinayesa njira yapafupi. Ndinauza Luwiza kuti akafunse bambo ake ngati angamapemphere kaye, chakudya n'kubwera pambuyo. Yankho linabwera lalifupi: "Tithokoze chimene sitinachione?"

Chabwino. Ngati pemphero silingafupike, chitsulo chiyenera kupirira.

Ndinabwereka wotchi ya a Kato. Masabata atatu otsatizana ndinkapita kukapemphera ku Malindi, amayi ake a Luwiza n'kumandiitanira chakudya chifukwa cha chisoni. Anthu akatsinzina, ine diso limodzi pa wotchi. Pemphero silinkachepera mphindi khumi ndi zisanu. Apa ndivomere chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse: masabata atatu onsewo sindinamve zimene mkuluyo ankapempherera. Ndinkangomva kutalika kwake.

Kenako ndinapita kwa a Jafali owotcherera zitsulo pafupi ndi mlatho. Anandidulira chitsulo cha boti lakale, chokhuthala ngati chala changa, n'kuchipinda m'mbali kuti mazira asatayike.

"Che khukhi, ichi n'chophikira kapena nangula?" anandifunsa.

"N'chaukwati," ndinatero.

Ndinayeserera kuseri kwa nyumba ya a Kato. Ndinkachiika pambaula, n'kuchichotsa, n'kuyang'ana wotchi, mphindi khumi ndi zisanu zikatha n'kudonthezapo madzi. Ndinapeza kuti chikakhala pamakala mpaka pakati pake payambe kufiira, chimapirira pemphero lonse n'kutsalako. A Kato anandipeza ndikupemerera moto. Anayang'ana chitsulo, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Fiira ayi. Fiira ni injini yafa. Ndipo thabwa, thabwa pansi. Osaiwala."

Ndinayankha kuti "Inde bwana" wa pakamwa pokha. Thabwa lokhalo ndinamvera: ndinapeza chidutswa cha thabwa la bwato, chakuda, chonunkha nsomba pang'ono, koma cholimba.

Lamulungu la mayeso anga achiwiri ndinafika ku Malindi nditakankha njinga theka la ulendo, chifukwa chitsulo chija chinaphulitsa tayala la kumbuyo. Nditalowa m'nyumba ndinaima. Amayi ake a Luwiza anali atabwereka tebulo kwa aneba, ndipo anayalapo nsalu yoyera, yopeta maluwa ndi tinsomba tabuluu m'mphepete monse.

Luwiza anandinong'oneza kuti, "Imeneyi anapeta okha ali mtsikana ku mishoni ya kwathu. Tikuthawa anaimanga m'chiuno, mkati mwa chitenje. Zina zonse zinapsa ndi nyumba. Chifikireni kuno sanaiyalepo. Lero ayalira inu, kuti bambo aone kuti amayi ali mbali yanu."

Mtima wanga unasungunuka. Ndiyeno ndinayang'ana thabwa langa lakuda lija, ndinayang'ana nsalu yoyera ija, n'kuona kuti sizikugwirizana. Kuika chinthu chonyansa chotere pamwamba pa maluwa a amayi? Ayi. Pamenepo ndinaganiza nzeru imene ndinadzitamanda nayo: anthu ali panja, ndinakweza nsalu n'kulowetsa thabwalo pansi pake. Tebulo la aneba latetezeka, maluwa akuoneka. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze. Papita zaka zambiri anthu akundiuza.)

Supageti wa tsikulo sindinaphikeponso wotero. Ndinadikira onse asambe m'manja. Ndinanyamula chitsulo ndi masaka awiri, ndinachikhazika pakati pa tebulo, ndinathira mazira. Chinalira ngati mvula pa malata. Ana a pakhomopo anawomba m'manja, ndipo ngakhale a Mateyu nsidze zinakwera.

"Tipemphere."

Mphindi yoyamba kunkanunkhira bwino. Yachiwiri mazira anapsa. Yachitatu anapserera. Kenako kunabwera fungo lina, lija limamveka munthu akaiwala simbi pa malaya.

Ndinatsegula diso limodzi. M'mphepete mwa chitsulo, nsalu inali itasanduka yofiirira, ndipo kufiirirako kunkayenda kulowera ku tinsomba. Kautsi kankakwera mowongoka. Kutsidya kwa tebulo ndinakumana ndi diso limodzi la Luwiza. Pambali pake, maso onse awiri a amayi ake anali pa nsalu, koma manja ali chipindire, pakamwa pali chitsekere.

Ndinadikira kuti a Mateyu apume mpweya, n'kunena mokweza kuti, "Ameni!"

Sanagwedezeke. Ndipo m'pamene, kwa nthawi yoyamba, ndinamva zimene ankanena. Ankatchula mayina. Mmodzimmodzi, onse amene anatsala kwawo osadziwika kumene ali: alamu awo, malume ake a Luwiza aja, mlongo wawo ndi ana ake anayi, aliyense dzina lake, mphunzitsi wa pamishoni, mayi wina wakhungu amene sanathe kuthawa. Aliyense ankamupempherera kuti kumene aliko lero apeze chakudya. N'chifukwa chake pemphero linkatalika, ndipo n'chifukwa chake amayi ankayang'ana nsalu yawo ikupsa osatsegula pakamwa. Mndandanda wotero sudulidwa.

Ndinaganiza zochotsa chitsulocho mwakachetechete. Masaka aja ndinali nditawaponyera panja nditangokhazika chitsulocho. Ndinagwira ndi manja. Sindinakuwe, ndipo pa chimenechi ndimadzipatsa ulemu mpaka lero, koma misozi inatuluka yokha, chitsulo osasuntha n'komwe. Nditaona kalawi kakang'ono katatulukira m'mbali, mutu unaima. Ndinanyamula beseni la madzi osamba m'manja n'kukhuthulira pomwepo.

Chitsulo chinabangula. Nthunzi inadzaza nyumba, ana anathawira pakhomo, nkhuku panja zinalira. A Mateyu anatchula mayina awiri otsala, osafulumira, n'kuti, "Ameni." Atatsegula maso, kachingwe ka supageti kanali lende pa phewa la jekete lawo la kutchalitchi.

Chitsulo chitazizira tinachichotsa. Pakati pa nsalu panali chibowo chachikulu cha makona anayi, ndipo kudzera m'chibowocho thabwa langa linkaoneka bwinobwino, lopanda vuto lililonse.

Amayi anasisita m'mphepete mopserera muja ndi chala. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Asilikali analephera kuiwotcha nsaluyi. Inu mwakwanitsa ndi mazira."

Ndikanakonda akanandimenya. Ndinagwada pansi, chala chili m'kamwa, ndikudziwa kuti Luwiza ndamutaya chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Ndinati ndigula ina ku Blantyre. Amayi anati ku Blantyre sagulitsa utsikana wawo. Analowa kuchipinda, natuluka ndi singano, ulusi ndi kansalu koyera ka thumba la ufa wa othawa nkhondo.

"Amati akhukhi ali ndi manja. Chala chikapola, mubwere."

Masabata anayi, tikaweruka kutchalitchi, ndinkakhala pakhonde la a Mateyu ndikusoka chigamba. Asodzi odutsa ankaima kuti aonerere. Ena ankandipatsa moni wa "Mwaswera bwanji amayi?" Ndinkasoka mokhota, amayi n'kumasula, ine n'kuyambiranso. Sindinajombe. A Mateyu ankakhala chakumapeto kwa khonde akusoka ukonde wawo.

Tsiku lomaliza anabwera, anatenga nsalu ija, anakoka chigamba uku ndi uku kuyesa ngati chingathothoke. Sichinathothoke.

"Kusoka kwake n'koipa," anatero. "Koma ukonde umang'ambika tsiku lililonse, ndipo msodzi ndi amene amabwera m'mawa kudzausoka. Auzeni ankhoswe anu abwere." Atatembenuka anawonjezera kuti, "Paukwati aphike ena."

Nsalu ija amayi anampatsa Luwiza, ndipo amaiyala alendo olemekezeka akabwera, chigamba chili pamwamba kuti aliyense afunse. Malume ake aja anatulukira nkhondo itatha, owonda koma amoyo, ndipo nkhani yoyamba imene anawafotokozera inali yanga. Ambiri a pa mndandanda uja sanatulukire. A Mateyu anawatchulabe mpaka chaka chimene anatisiya, ndipo ine wotchi sindinaiyang'anenso.

Mukafuna supageti wa pa chitsulo weniweni, a Kato ankati mupite ku Nagoya, mulowe m'tiyirumu yakale. Kukakutalikirani, bwerani kwathu. Chitsulo cha a Jafali chija ndikadali nacho, ndipo mayi a kunyumba amandilola kuchitenthetsa kamodzi pachaka, panja, pamchenga, iwo ataima ndi ndowa. Amati sindinaphunzirepo kanthu. Akunama: thabwa tsopano ndimaika pamwamba.