Wodula Nkhuni wa Mang Yoyong

Mang Yoyong, kunena kuti Bambo Yoyong, woitanira majipuni, timabasi ta kwathu kuno, pa siteji yathu ku Malabon, anamwalira asanadinepo batani logonjera. Musaganize kuti anali katswiri. Ine ndakazinga nthochi pa sitejipo zaka zambiri, ndaona ana ndi akulu akusewera timagemu tam'manja timeneti, ndipo ndikunenetsa kuti mbuli ya gemu ngati iwo sindinaionepo.

Gemu yake ndi ija ya nkhondo: umamanga mudzi, kutuma antchito kukadula nkhuni ndi kukumba golide, kenako n'kusonkhanitsa asilikali kuti akagumule mudzi wa mnzako. Si ngati drafuti poti umadikira mnzako asunthe. Zonse zimachitikira pamodzi, ndipo ikayamba siimitsidwa. Timakina take timamvana pokhapokha osewera ali moyandikana, ndiye lamulo la pa siteji linali lakuti amene wachoka mpaka netiweki kuduka, ameneyo waluza.

Mudzi wa Mang Yoyong unkapsa nthochi zanga zisanapse n'komwe. Koma gemuyo siitha ngati kwatsala munthu wamoyo, ndiye iwo ankathawitsa kamunthu kamodzi kodula nkhuni, n'kumakazembetsa m'nkhalango ndi kuseri kwa mapiri tsiku lonse, kwinaku pakamwa pakuitanira jipuni.

Amene ankavutika nawo kwambiri anali mnzawo wa paubwana, Mang Sebyo, wometa tsitsi kutsidya kwa msewu.

"Pare, mnzanga, gonja," ankatero Mang Sebyo, thukuta lili kamukamu. "Ulibe nyumba, ulibe msilikali, ngakhale nkhuku ulibe."

"Nkhwangwa ndili nayo."

"Ndasiya munthu pampando, ndamumeta mbali imodzi!"

"Pita ukamumalize, pare. Ndakumanga miyendo ngati?"

Mang Sebyo akangowoloka msewu, netiweki inkaduka, ndipo Mang Yoyong ankakwera pabenchi n'kulengeza chipambano ndi mawu omwe aja oitanira. Akazi awo, Aling Puring, kunena kuti Mayi Puring, zimenezi sizinkawadabwitsa. "Munthu ameneyu ngakhale pondifunsira sanapambane," anandiuza tsiku lina. "Anangokana kuchoka pakhomo pathu."

Tsiku la ukwati wa mwana wamkazi wa Mang Sebyo, awiriwa anayamba kagemu m'mawa, ati kongochotsa mantha. Nthawi yopita kutchalitchi itakwana, wodula nkhuni uja anali akuthamangabe, ndipo Mang Sebyo, atavala kale zaukwati, analumbira kuti sasuntha. Achibale atatopa n'kuchonderera, anangonyamula Mang Yoyong ndi benchi lomwe n'kuwakweza m'jipuni ya aukwati, kuti pasakhale wochoka. Kutchalitchi anawakhazika kumbuyo kwenikweni. Nyimbo itayamba, Mang Sebyo anaika kamakina m'thumba n'kugwira mwana wawo pamkono. Tchalitchi chathu n'chachitali. Atangofika kuguwa, kumbuyo kunamveka mfuu:

"Wachoka yekha! Ansembe, ndinu mboni!"

Mkwatibwi analira, ena anaseka mpaka kutuluka panja, ndipo awiriwa anatha mwezi osalankhulana. Koma kusewera sanasiye, ankangosewera atafulatirana.

Chaka chatha chifuwa chinawagwetsa Mang Yoyong. Anawagoneka kuchipatala, m'chipinda cham'mwamba, momwe ankalola kulowa akazi awo okha. Aling Puring analowetsa kamakinako atakakulunga m'thaulo. Mang Sebyo anatseka shopu n'kukaima pansi pa zenera padzuwa, manja atakweza m'mwamba kuti netiweki igwire. Ifenso tinapita, ine ndi madalaivala angapo.

Aling Puring anasuzumira pazenera. "Akuti mukawamvera chisoni, akutsikirani komweko!"

"Muwauze kuti lero ndiwapeza!" anayankha Mang Sebyo.

Ndipo sanawanyengerere. Anawotcha mudzi wonse monga mwa masiku onse, n'kumwaza asilikali m'nkhalango. Kamunthu kaja kanawazemba kumtsinje, kanawazembanso kuphiri, ife tikukuwa ngati tili kumpira, mpaka namwino anatilozera chala. Dzuwa litapendeka, Mang Sebyo anafuula kuti akapeza kamunthu kaja. Tinaunjikana kuti tione. Kanali kataima pansi pa mtengo, nkhwangwa ili m'manja, asilikali atakazungulira. Sikankathawa.

"Thawa, pare," anatero Mang Sebyo motsitsa mawu. Kenako anayang'ana kuzenera n'kukuwa: "Thawa, chitsiru iwe!"

Aling Puring anabwera pazenera paja. Anangotseka katani.

Chimene chinatsala kunali kungodina kamodzi, n'kupambana kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo. Mang Sebyo sanadine. Anaima pomwepo, manja ali m'mwamba, mpaka mlonda anabwera kudzatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha, akufuna kutseka. Anayenda pang'onopang'ono maso ali pakamakina, ndipo pafupi ndi geti netiweki inaduka. Anatitembenukira, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona nonse," anatero. "Wachoka ndine."

Masiku ano achinyamata a pa siteji akangophedwera asilikali awiri amadina logonjera n'kuyambiranso. Gemu imatha msanga, palibe woima kuti aonerere, ndipo woitanira watsopano amangoitanira basi. Ine ndimawasowa Mang Yoyong, ndipo zimandipweteka kwambiri masana, pamene siteji imangoti zii.

Dzana dalaivala wina wachilendo, atamva nkhaniyi, anati, "Komabe, Aling, pomaliza imfa inawagonjetsa."

Ndinamulanda nthochi zimene anali atagwira kale, n'kumubwezera ndalama yake. Akagule kwina.